Mpama wa Pansi pa Linga

Fainesi anabadwira kwa Kachindamoto, anakulira m'matope a mpunga ku Bwanje, ndipo kufikira chaka cha 2024 anali asanakwerepo phiri. Mapiri ankangowaona kumadzulo atatchinga ngati mpanda, ndipo amayi ake ankati kumeneko n'kwa anyani ndi anthu a mbatatesi. Iye anali munthu wa kuchigwa. Ankadziwa kuwokera mpunga, kupirikitsa mbalame, kumweta ndi kupuntha.

Anakwatiwa ndi Lovemore, msodzi waganyu wa pabwato la eni, munthu wosadziwa kukwiya. Anamanga nyumba ya zidina pafupi ndi doko, nabereka ana anayi. Awiri apakati anamwalira ali makanda, ndipo kunatsala Tamara, woyamba kubadwa, ndi kamtsikana kachitsiriza, Pilirani. Lovemore anapita ndi mphepo ya mwera panyanja Pilirani akadali kumsana. Mtembo anaupeza m'mabango patadutsa masiku anayi.

Fainesi anapirira. Ankayanika usipa wa eni pathandala, ankalima kamunda kake ka chimanga, ndipo Tamara anafika Sitandade 7 osabwerezapo kalasi. Koma kenaka nyanja inayamba kukwera. Sinabwere ndi mkokomo ngati mtsinje wosefukira. Inkabwera mwakachetechete, lero pamtengo wa mango, sabata yamawa pabafa, mpaka m'mawa wina khoma la kuchipinda linangokhala pansi. Chaka chomwecho mvula inadula mu Febuluwale, chimanga n'kupserera chisanamasule. Anthu ankaima m'madzi ofika m'mawondo pabwalo la nyumba zawo, akuyang'ana minda youma gwa kumtunda, osadziwa chopempha kwa Mulungu.

Mlongo wake wa Fainesi, yemwe ankakhala kufupi ndi Mua, anamupatsa kakhitchini kakale kuti azigonamo ndi ana. Kupitirira apo analibe chomuchitira, pakuti naye nkhokwe yake inali itagona chafufumimba. Ku Bwanje ofuna ganyu anachuluka kuposa minda. Pofika Novembala, Fainesi ndi ana ake ankadya mango osapsa owiritsa, tsiku lina madeya, tsiku lina kungomwa madzi n'kugona. Tamara anasiya kupita kusukulu chifukwa ankachita chizungulire panjira. Pilirani tsitsi linayamba kufiira.

Ndi m'masiku amenewo pamene kunabwera mayi Ellen, mzimayi wonenepa bwino amene ankagula usipa kudoko n'kukagulitsa ku Lilongwe. Ankadziwana ndi Fainesi kuyambira kuthandala. Anakhala pampando, n'kuyang'ana Tamara akusesa pabwalo.

"Mayi a Tamara, musavutike ndi ana awiri," anatero mayi Ellen. "Ndipatseni wamkuluyu. Azikandithandiza tintchito ta pakhomo, azikadya katatu, sukulu ndikamulembetsa komweko. Inu mutsale ndi kamodzika."

"Ndiganize kaye," anayankha Fainesi.

"Ganizani. Ndidutsanso Loweruka."

Pochoka anasiya kajumbo ka ufa. Fainesi anakalandira ndi manja awiri, ndipo atangokalandira anamva ngati wavomera kale.

Ufawo unatha Lachitatu. Lachinayi m'mamawa anatenga khasu, thumba ndi botolo la madzi, n'kulunjika kumapiri kukafuna mpama. Mpama ndi chilazi cham'tchire chowawa, chimene anthu amachikumbukira pa njala pokha, ndipo ukachiphika mothamanga chimapha. M'timapiri tapafupi anapeza maenje okhaokha, anzake atakumba kale. Anapitirira. Anadutsa pamene pathera njira za otola nkhuni, nayamba kukwera phiri lina losongoka limene anthu amangolitchula kuti kuMalinga, ngakhale iye anali asanafunsepo chifukwa chake.

Dzuwa linafika paliwombo ali pakati pa phiri. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Patapata wa kumanzere anaduka, anamanga ndi luzi, anadukanso, anangomutaya. Madzi anatha. Kawiri konse anakhala pansi maso atachita mdima, ndipo kachiwiriko anaganiza zoti akangogona pomwepo nkhani yatha, Tamara apita ndi mayi Ellen, Pilirani amutenga mlongo wake. Anadzuka chifukwa nyerere zinayamba kumuluma m'miyendo.

Atatsala pang'ono kufika pansonga anakumana ndi khoma. Inali miyala yosanjikizana bwinobwino popanda dothi, yofika m'chifuwa, yochita ndere, ndipo inkazungulira phiri mpaka kukabisika m'mitengo. Anaganiza kuti ndi khola la ng'ombe lakale, ngakhale sanamvetse kuti ng'ombe ingakwere bwanji kumeneko. Sanaliganizire nthawi yaitali, chifukwa pakhomapo panali patayanga chingwe chouma cha mpama, chonenepa ngati chala, ndipo tsinde lake linalowa pansi pa miyala.

Anayamba kuphwasula. Ankanyamula mwala umodziumodzi n'kuugubuduzira kumbali, zala zikuchucha magazi. Atafika padothi anakumba, khasu likutulutsa timapale ta miphika ndi mkanda umodzi wobiriwira umene sanausamale n'komwe. Mpama unaonekera, waukulu ngati mutu wa mwana.

"Amayi, mukugwetsa mudzi wa eni."

Fainesi anatembenuka khasu lili m'manja. Panaima bambo wina wamfupi, wa imvi zapatalipatali, atasenza chigubu cha madzi paphewa.

"Eni akewo ali kuti?" anafunsa Fainesi. "Abwere andimange. Kundende anthu amadya."

Bamboyo anatula chigubu, n'kuchitsegula, n'kumupatsa. Fainesi anamwa mpaka kutsamwa. Atapuma, bamboyo anati dzina lawo ndi Amosi, amakhala kutsidya kwa phirilo, ndipo ali ndi ming'oma ya njuchi m'mitengo ya pamwambapo. Madziwo ankatungira njuchi, chifukwa nazo zinali pa chilala, ndipo zikasowa madzi zimathawa.

"Kumbani, muutenge," anatero bambo Amosi. "Koma miyalayi tiibwezeretse. Amene adaisanja adaisanja ndi njala ngati yanuyi."

Anamuthandiza kuzula mpamawo, napezanso ina iwiri yaing'ono. Kenaka anasanja miyala ija awiriwiri, bambo Amosi akuitembenuza mpaka uliwonse utakhazikika. Fainesi anali atatopa kwambiri, moti sakanatha kutsika nthawi yomweyo. Bambo Amosi anati alowe mkati akapume pamthunzi, ndipo anamutsogolera kukalowera pakampata kopanikiza, koti munthu adutse cham'mbali.

Mkatimo munali bwalo lalikulu kuposa mmene Fainesi ankaganizira. M'udzu wouma munali mizere ya miyala yozungulira, yambirimbiri, yothithikana. Pathanthwe panali maenje osalala ngati mbale. Bambo Amosi anathira madzi m'limodzi mwa maenjewo, ndipo posakhalitsa njuchi zinayamba kutera.

"Apa amayi ankaperapo mapira," anatero. "Zozungulirazi zidali nyumba. Ili ndi linga. Atsibweni anga ankandibweretsa kuno ndili mwana, kundionetsa pamene padali nyumba ya makolo athu. Ndi iyo, pafupi ndi mkuyuwo."

"Anthu n'kumakhala kuno? Madzi ankatunga kuti?"

Anamuonetsa mng'alu wa m'thanthwe, wakuda, wouma. Anati kale munkadontha madzi, mtsuko umodzi kudzaza theka la tsiku. Kenaka anapita naye m'mphepete mwa khoma, pamene panali mulu wa miyala yobulungira. Fainesi anasuzumira kunsi ndipo mutu unazungulira. Chigwa chonse chinali pansi pa mapazi ake: msewu wa tala, njanji, minda ya Bwanje, ndi nyanja ili mbee chapatali.

"Ukaima pano, munthu akamachoka kunyanja umamuona," anatero bambo Amosi. "Idali nthawi ya nkhondo, azungu a ku Mua asadafike. Angoni ankabwera anthu akangokolola. Kuchokera kunyanjaku kunkabweranso ena ogula anthu, kuwamanga magoli m'khosi, kuwaolotsa pa zombo. Ndiye makolo adathawira kuno. Masana ankatsika kukalima, wina ataima pano ndi lipenga. Likalira, aliyense khasu pansi, liwiro la kuphiri. Adani akayesa kukwera, ankawagubuduzira miyala iyi."

"Ndiye sanawagwire?"

"Ndi mkondo ayi. Linga ili silidagwe ndi mkondo. Chaka china nkhondo idabwera n'kumanga misasa m'munsimu, osakwera, osachoka. Adangokhala, akudya za m'minda ya eni, eni ake akuonerera kuchokera pano. Mwezi, miyezi iwiri. Kuno adadya mbewu, adadya zikopa zogonera, adadya mpama womwe mwakumbawu. Akufa ankangowatsekera m'mapanga, mphamvu zokumba manda padalibe."

Anabwerera ku kampata kaja. Bambo Amosi anaika dzanja pamwala wa m'mbali, umene unali wosalala chifukwa chokhudzidwakhudzidwa.

"Mapeto ake adayamba kugulana pano. A m'munsi ankabwera ndi dengu la mapira, kulisiya apo. A m'kati ankatulutsa mwana. Mwana mmodzi, dengu limodzi. Adayamba ndi ana amasiye. Amasiye atatha, adayamba kutulutsa awo obereka okha."

Fainesi anakhala pansi, thumba la mpama lili pamiyendo.

"Kwathu kudali mayi wina, agogo awo a agogo anga," anapitiriza bambo Amosi. "Adali ndi ana atatu. Adatulutsa wamkazi, kamtsikana kongoyamba kumene kuguluka mano. Nkhondo itatha, anthu atatsika, mayiyo adayenda m'midzi yonse ya Angoni m'chigwamu mpaka kukalamba. Akaona mzimayi wa msinkhu umenewo pachitsime, ankamugwira dzanja, 'Iwe, amako ndani?' Koma anawo ankawasintha maina, ankawapatsa mfunda wina. Kamwana kotero kangakumbukire chiyani? Adamwalira asadamupeze."

Fainesi anakumbukira agogo ake akuchikazi, amene ankanyada kuti iwo ndi Angoni enieni, koma ukawafunsa za agogo awo ankangoti, "Amenewo anabwera ndi nkhondo." Ankati agogo awowo analibe mudzi, analibe mlongo, ndipo pamaliro awo sipanabwere wachibale ngakhale mmodzi wochokera kwina. Anawauza bambo Amosi zimenezi.

"Sindikuti ndi yemweyo," anatero iwo. "Malinga adali ambiri m'mapiri muno, ana adatsika ambiri. Koma a m'munsi ndi a pamwamba tidasakanikirana kalekale. Mkazi wanga ndi Mngoni."

"Nanga otsala aja?" anafunsa Fainesi. "Mapirawo anawapulumutsa?"

"Ena adafabe. Ena adapulumuka." Bambo Amosi anayang'ana pansi. "Ine ndine mdzukulu wa amene adadya mapirawo. Mayi uja akadakana kutulutsa mwana, bwenzi ine kulibe."

Fainesi ankayembekezera yankho lina. Misozi inayamba kutsika yokha, ndipo anawafotokozera zonse: za nyanja, za Pilirani, za mayi Ellen ndi Loweruka.

"Inuyo mukanatani, bambo?"

"Sindidziwa, amayi. Ndakhala ndikukwera kuno zaka makumi asanu, ndimadutsa pakampata kameneka, ndipo sindidziwa."

Anapita ku mng'oma wina, anafukiza utsi, nabwera ndi kachisa ka uchi kosakwana chikhatho. Anakakulunga m'masamba. Anati ndi ka mwana wamng'onoyo, ndipo anamuchenjeza kuti mpamawo auwiritse, ataye madziwo, aunyike masiku atatu athunthu asanadye. Anamuperekeza mpaka pamene njira inayamba kuoneka, n'kubwerera ku njuchi zawo.

Lachisanu Fainesi anasenda mpama, anaudula tizidutswa, anauwiritsa ndi phulusa, n'kuunyika mumtsuko. Uchi uja Pilirani ananyambita mpaka masamba. Loweruka mayi Ellen anafika monga ananenera, mabasiketi a usipa atawasiya kumsewu.

"Mwana wanga sapita," anatero Fainesi, asanawapatse n'komwe mpando.

Mayi Ellen anayang'ana Pilirani, amene anali atagona pamphasa maso ali pamtunda. "Mwana ndi wanu," anatero. "Ine ndimadutsa Loweruka lililonse."

Lamulungu m'mawa Pilirani anasiya kulira. Ankangotsegula pakamwa, mawu osatuluka. Mpama unali utakhala m'madzi masiku awiri, kutsala limodzi. Fainesi analawa kachidutswa, anamva kuwawa kwapatali, nadziuza kuti kwatha. Anauwiritsanso, ndipo anadya onse atatu.

Dzuwa lisanapendeke Pilirani anayamba kusanza. Anasanza mpaka kutuluka zobiriwira, khosi linagwa, maso anatembenuka. Tamara naye ankabuula atagwira pamimba. Fainesi, m'mutu mukulira ng'oma, anabereka mwanayo n'kuthamanga wopanda nsapato kulowera kuchipatala cha ku Mua, akufuula dzina la mwanayo njira yonse kuti asagone. Anamwino anamulandira pakhomo, anamuika diripi. Pilirani anakhala masiku atatu asakudziwa kanthu, ndipo lachinayi anapempha madzi.

Tsiku limenelo Tamara anabwera kudzazonda. Anakhala ndi amayi ake pakhonde la chipatala, onse akuyang'ana kutsogolo.

"Amayi, ndipita," anatero Tamara.

"Sindinakutume."

"Simunanditume. Koma tikadyanso zija, Pilirani sadzuka. Ndikapita, chimene mwapeza muzidya awiri."

Fainesi anafuna kukalipa, koma anangogwira mwendo wa mwana wakeyo n'kuufinya.

Loweruka linalo anamuperekeza kumsewu wa tala. Anali atasokera kapepala ka nambala ya foni ya mlongo wake mumpendero wa siketi ya Tamara. Akudikira minibasi, mayi Ellen ali kalikiliki ndi mabasiketi awo, Fainesi anakokera mwanayo kuseri kwa mtengo.

"Dzina lako ndani?"

"Amayi, ndili ndi zaka 14. Ndingaiwale dzina langa?"

"Nena."

Tamara ananena. Ananena dzina la amayi ake, la malemu bambo ake, la atsibweni ake, mudzi wawo, mfumu yawo yaikulu, tchalitchi chimene anabatizidwira. Fainesi anamubwerezetsa katatu, ndipo anamuuza kuti wina akadzamupatsa dzina lina asadzavomere, ngakhale litakhala lokoma chotani. Minibasi inafika. Mayi Ellen anamupatsa Fainesi ndowa ya chimanga, ndipo iye anaisenza kubwerera kumudzi osacheuka.

Chimangacho chinawafikitsa pa mvula. Tamara anaimba foni pa Khirisimasi, anati akudya bwino, za sukulu akuti adikire temu ina. Anaimbanso mu Januwale, mawu ali apansipansi, n'kudula msanga. Kuchokera apo foni ya mayi Ellen inasiya kulowa, ndipo eni ake anasiya kuoneka kudoko.

Fainesi ankapita kudoko m'mawa uliwonse asanapite ku ganyu. Aliyense wogula usipa wochokera ku Lilongwe ankamugwira malaya kumufunsa. Ena ankamuyankha bwino, ena ankamukankha, ena anayamba kunena kuti mayi uja mutu wasokonekera. Mu Juni mzimayi wina anamumvera chisoni. Anati mayi Ellen anasamukira ku Mchinji, ndipo mtsikanayo anamusiyira mnzawo wina wogulitsa mowa ku Mchesi.

Fainesi anagulitsa mpunga umene anaupeza pa ganyu yomweta, anasiya Pilirani kwa mlamu wake, nakwera minibasi. Mu Lilongwe anali asanapondemo. Masiku awiri anayenda m'tinjira ta ku Mchesi, khomo ndi khomo, akufunsa za Tamara wa ku Mua, koma palibe ankamudziwa. Tsiku lachitatu anakhala pafupi ndi mpopi wogulitsa madzi, poganiza kuti mtsikana wantchito aliyense amafika pampopi. Chakumasana anamuona akubwera ndi zidebe ziwiri, atameta mpala, atavala diresi la munthu wamkulu.

"Sharon, fulumira!" anakuwa mzimayi wina kuchokera pampanda wa nyumba ina.

Mtsikanayo anatembenukira kumene kunachokera mawuwo. Fainesi anaimirira.

"Tamara."

Zidebe zinagwa. Sanathamangirane. Tamara anangoima, manja ali lende, akuyang'ana amayi ake ngati akuwerenga chinthu cholembedwa patali. Fainesi anapita n'kumugwira padzanja, ndipo anayamba kuyenda kulowera kudepoti. Mzimayi wa pampanda uja anawatsatira akutukwana mpaka pamsewu, koma Fainesi dzanjalo sanalisiye mpaka atakhala pampando wa minibasi.

Tamara kusukulu sanabwerereko. Akuti anzake ali patsogolo, ndipo iye ndi wamkulu tsopano. Amapita ndi amayi ake ku Bwanje, ndipo pa kuwokera mpunga amawaposa liwiro. Za m'nyumba ya ku Mchesi sananenepo kanthu. Pali masiku ena amene amasiya ntchito pakati, n'kukakhala yekha pamzere wa munda, mapazi ali m'madzi. Fainesi amamuona, amaweramanso, n'kupitiriza mzere wake ndi wa mwanayo.